Mmene mungapezere ndi kukonza podontha dizilo pa pikapu

Dizilo akamadontha, pomwe wagwera pansi si pomwe watulukira. Amayenderera m'paipi, amakwawa pa chesisi, mphepo ya pamsewu n'kumukankhira kumbuyo, mpaka kukadonthera pansi pa giyabokosi chonsecho wachokera pa fyuluta. N'chifukwa chake ena amasintha zipangizo kawiri katatu galimoto ikununkhabe. Ntchito yaikulu ndi kupeza malo omwe akuyamba kunyowa. Mukawapeza, mankhwala ake nthawi zambiri amakhala washa ya kopa, kamphete ka labala kapena kachidutswa ka paipi. Musanyalanyaze poti ndi timadontho: dontho limodzi pa sekondi ndi malita angapo pa tsiku, ndipo dizilo amafufumitsa labala aliyense yemwe wamunyowetsa, kuyambira mapaipi a madzi mpaka malabala ogwira injini.

Dziwani kaye injini yomwe muli nayo

Mapikapu a dizilo ali m'magulu awiri. Akale, monga Toyota Hilux ya injini ya 2L, 3L ndi 5L, Nissan Hardbody ya TD27 ndi Isuzu KB ya 4JA1 kapena 4JB1, ali ndi pampu yozungulira ya mtundu wa VE, ndipo injekita iliyonse (kachipangizo kopopera dizilo mu silinda) ili ndi paipi yakeyake yachitsulo yochokera pa pampu. Mainjekita ake amatseguka mphamvu ya mafuta ikafika pakati pa bar 100 ndi 200. Atsopano, monga Hilux D-4D ya 2KD ndi 1KD kapena Ford Ranger TDCi, ndi a common rail, kutanthauza kuti mainjekita onse amalandira dizilo kuchokera ku paipi imodzi ya mphamvu yaikulu, ndipo mafuta ake amapitirira bar 1,000, ena kufika 1,600 n'kupyola. Kumbukirani kuti tayala la pikapu timalipopa bar 2 kapena 3 basi.

Pa injini zonsezi dizilo amadutsa njira zitatu. Yoyamba ndi yochokera ku thanki kudzera pa fyuluta kufika pa pampu. Pa mapikapu ambiri dizilo wa m'njira imeneyi amachita kukokedwa, choncho pakakhala kaboo sipatuluka mafuta ambiri, koma pamalowa mpweya. Yachiwiri ndi ya mapaipi achitsulo a mphamvu yaikulu. Yachitatu ndi yobwezera ku thanki dizilo wotsala, ndipo ndi yomwe imakonda kuchucha chifukwa timapaipi take timakhala pamalo otentha.

Musanagwire sipanala

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, panja kapena podutsa mphepo, kokani handibuleki, ikani miyala kapena matabwa ku matayala. Ngati mulowe pansi, isakhale pa jeke yokha ayi, ndipo njerwa si zodalirika, zimaphwanyika mosachenjeza. Fodya, mbaula ndi wowotcherera zikhale kutali. Dizilo sagwira moto msanga ngati petulo, koma akamathovokera pa ekizozi yotentha kapena pa tebo (turbo) amayaka.

Chinthu chimodzi chisachoke m'mutu: injini ikulira, musapapase mapaipi achitsulo ndi dzanja pofuna kumva podontha. Dizilo wotuluka pa kaboo kakang'ono amaboola khungu ngakhale mutavala magolovesi. Kabala kake kamaoneka ngati kolasidwa ndi singano ndipo poyamba sikapweteka kwambiri, koma mafuta amakhala alowa m'minofu ndipo amaiwononga, moti chala chimatha kudulidwa. Zikachitika thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene momveka kuti dizilo walowa m'thupi mwamphamvu. Pofufuza gwiritsani ntchito chidutswa cha katoni chopanidwa ndi pulayazi, ndipo valani magalasi. Pa common rail, mukazimitsa injini dikirani mphindi zingapo kuti mphamvu itsike musanamasule chilichonse, kenako chotsani waya wa negetivu pa batire.

Zofunika kukhala nazo ndi tochi, kagalasi koonera kuseri, nsanza zoyera, beseni lowakhira dizilo, paudala wa ana, theka la mita la paipi yoonekera mkati, ndi masipanala a 10, 12, 14, 17 ndi 19. Pa manati a mapaipi achitsulo, sipanala yabwino ndi ya mphete yodula mbali imodzi, chifukwa imagwira nati mbali zambiri. Shifitingi imangolalitsa makona a nati.

Tsukani, umitsani, kenako yang'anani

Pa injini yodzaza matope ndi oyilo simungaone kanthu. Ikazizira, itsukeni ndi mankhwala ochotsera girizi kapena madzi ofunda a sopo waufa ndi bulashi. Phimbani olitaneta ndi mapulagi a magetsi ndi pulasitiki, ndipo musalozetse madzi amphamvu pa mainjekita a common rail. Pukutani mpaka pauma gwa.

Tsopano wazani paudala pa malo onse okayikitsa: pamutu pa fyuluta, polumikizira mapaipi, mozungulira mainjekita, pamwamba ndi pansi pa pampu. Pomwe pakutuluka dizilo paudala amada n'kupanga kamzere konyowa kotsetsereka, ndipo mukakatsatira chokwera kakufikitsani pa gwero. Malo onyowa omwe ali pamwamba kuposa ena onse ndi omwe ali ndi vuto.

Yang'anani katatu. Poyamba injini isanalire, popani pampu ya pamanja ya pa fyuluta mpaka italimba ndipo muone ngati pena payamba kutuluka thukuta. Kachiwiri lizani injini ikhale pa sailensa kwa mphindi 5. Kachitatu mnzanu aponde mafuta kufika 2,000 kapena 2,500 rpm, popeza pampu ya VE imachulukitsa mphamvu ya mkati mwake injini ikamathamanga, ndipo malo ena amachucha pokhapo. Ngati simunaonebe kanthu, yendani makilomita ochepa, mubwere mudzaonenso, ndipo usiku yalani katoni pansi pa galimoto. Dizilo watsopano ndi wopyapyala, woyererako, wafungo lodziwika. Oyilo wa injini ndi wakuda ndi wonanda.

Fyuluta ndi mutu wake

Yambani apa, makamaka ngati kudontha kwayamba galimoto itangochokera ku sevisi. Chofala kwambiri n'chakuti labala wa fyuluta yakale amatsalira atamatirira kumutu, yatsopano n'kumangidwa pamwamba pake, malabala awiri n'kusanjikizana. Masulani, yang'anani kumutuko, chotsani wakaleyo, pakani dizilo pang'ono pa labala watsopano, zunguzani ndi manja mpaka labala agunde, kenako onjezani magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Sipanala ya fyuluta ndi yomasulira chabe. Pa Hilux D-4D, yomwe mumangosintha chamkati, onetsetsani kuti kamphete ka labala kakhala bwino mumsewu wake musanamange chivindikiro.

Pansi pa fyuluta pali kosungira madzi, komwe kali ndi kobowolera kotayira madzi ndi sensa. Zonsezi ndi zapulasitiki ndipo zimang'ambika zikamangidwa mwaukali. Mukaona mng'alu sinthani, guluu sagwira pamenepa. Pamwamba pali pampu ya pamanja, yomwe mkati mwake muli labala wopyapyala. Akatha, dizilo amatuluka m'mbali mwa batani mukamapopa, kapena batani silimalimba ngakhale mupope kangati. Apa gulani mutu wonse wa fyuluta, ndi wotchipa pouyerekeza ndi sitata ndi batire zomwe zimatha chifukwa cholizira nthawi yaitali m'mawa uliwonse.

Mapaipi a labala

Pindani paipi iliyonse ndi zala pafupi ndi polumikizira. Yotha imaonetsa timing'alu, imakhala youma ngati chikuni kapena yofewa ndi yofufuma. Ngati yangowonongeka kunsonga ndipo ndi yaitali, dulani masentimita 2, ibwezereni, mange kilampu yatsopano. Izi n'zongofikira kunyumba. Paipi yomwe yayamba kung'aluka pena ndiye kuti yonse yakalamba.

Pogula, nenani kuti mukufuna paipi ya mafuta, ndipo yang'anani zolembedwa pa thupi lake, monga SAE J30 R7 kapena R9. Paipi ya madzi kapena ya mpweya imafufuma ndi dizilo n'kuyamba kusupuka mkati, zinyenyeswa zake n'kukatseka fyuluta. Tengani chidutswa cha yakale kusitolo kuti muyerekeze kukula kwa boo. Zambiri ndi za mamilimita 8 popita ndi 6 pobwerera, koma zimasiyana. Kilampu ikhale kuseri kwa kamlomo kotukuka ka paipi yachitsulo, osati pamwamba pake, ndipo isamangidwe mpaka kudya labala. Waya wopotokola amadula paipi. Poyala paipi yatsopano onetsetsani kuti sikukhudza ekizozi kapena kukhuzana ndi chitsulo chakuthwa.

Timapaipi tobwezera dizilo tolumikiza mainjekita, pa injini zomwe zili nato talabala, timauma ndi kutentha. Sinthani tonse nthawi imodzi pamodzi ndi kotsekera ka pa injekita yomaliza. Pochotsa takale ting'ambeni m'litali ndi lezala m'malo mokoka, chifukwa timilomo ta pa injekita timathyoka msanga.

Mabawuti a banjo ndi mawasha a kopa

Awa ndi mabawuti oboola pakati, omwe amadutsa m'kamphete ka paipi, ndipo amakhala ndi washa pamwamba ndi ina pansi. Washa ya kopa imatseka chifukwa imaphwanyika pang'ono ikamangidwa koyamba, kenako imauma. Mukaibwezera kachiwiri siphwanyikanso, ndiye pamayamba thukuta. Ambiri akaona chonchi amaonjezera mphamvu pa sipanala, koma bawuti yoboola pakati ndi yosalimba, imaduka mwadzidzidzi n'kusiya chidutswa mkati mwa pampu. Masulani, pukutani nkhope zonse ziwiri, onani ngati palibe zokandika, ikani mawasha awiri atsopano a saizi yake. Mukakhala kutali ndi sitolo, tenthetsani washa yakale pamoto mpaka itafiira, muisiye izizire, muipalepale pa sandipepa wosalala; imafewanso ndipo ikufikitsani.

Pa pampu ya VE, bawuti ya potulukira dizilo wobwerera yalembedwa OUT ndipo ili ndi kaboo kakang'ono kwambiri komwe kamasunga mphamvu ya mkati mwa pampu. Mukaisinthanitsa ndi ya polowera, injini imasowa mphamvu ndipo imafuka utsi.

Selotepi woyera wa mapulambala ndi silikoni zilibe malo pa njira ya dizilo. Tizidutswa take timathothoka n'kukatsamira mu injekita.

Mapaipi achitsulo a ku mainjekita

Apa palibe labala kapena washa. Nsonga ya paipi ndi yosongoka, imalowa m'kadzenje koyenerana nayo, nati n'kuipanikiza. Pa injini yakale, mukaona dizilo akutuluka pa nati, zimitsani injini, masulani natiyo pamodzi ndi timakilampu togwira mapaipi, pukutani nsonga ndipo muiyang'anitsitse ndi tochi. Ikakhala ndi mzere wodyeka kapena mng'alu, paipiyo yatha. Ikakhala bwino, ikhazikeni mowongoka, yambani kumanga nati ndi zala mbali zonse ziwiri, kenako malizani ndi sipanala. Mphamvu yomangira pa injini zambiri ili pakati pa 25 ndi 35 N·m, koma tsatirani buku la injini yanu. Pomasula nati ya ku pampu, gwirani chomwe chili pansi pake ndi sipanala ina kuti chisazungulire limodzi.

Timakilampu tija tibwezereni tonse. Anthu amatitaya poganiza kuti n'topanda ntchito, chonsecho ndi tomwe timaletsa mapaipi kunjenjemera. Paipi yosagwiridwa imang'ambika pafupi ndi nati pakapita miyezi. Paipi yong'ambika siwotchereredwa. Gulani ina ya utali ndi boo lofanana.

Pa common rail musayese kumanga nati yomwe ikudontha. Nsonga ya paipi imaumbika malinga ndi malo omwe idamangidwa koyamba, ndipo opanga amalangiza kuika yatsopano ikayamba kuchucha kapena mukasintha injekita. Ukhondo ukhale wa pamwamba: tsukani musanamasule, tsekani boo lililonse lotseguka, chifukwa kamchenga kosaoneka ndi maso n'kokwanira kupha injekita.

Mukaona zinthu zakuda zouma ngati phula mozungulira injekita, n'kumamveka kaphokoso ka "tsi-tsi-tsi", ameneyo si dizilo wa m'paipi. Ndi utsi wa mu silinda wothawira pa washa ya pansi pa injekita. Pa 1KD ndi 2KD vutoli limabisala pansi pa chivindikiro cha injini, ndipo mwaye wake umakatseka sefa yokokera oyilo mpaka injini kugwira. Washa imeneyi imafunika yatsopano nthawi iliyonse injekita yazulidwa.

Pampu yeniyeniyo

Pampu ya VE imakonda kuchucha pa shafuti ya chopondera mafuta, pa labala wa chivindikiro cha pamwamba, pa kamphete ka solenoidi yozimitsira injini, pa timavindikiro ta m'mbali, pa mphete yaikulu ya kumutu komwe kumachokera mapaipi, ndi pa silu ya kutsogolo (labala wotseka mozungulira shafuti yozunguza pampu). Malabala amauma ndi ukalamba, ndipo dizilo wosakaniza ndi palafini, yemwe amapezeka m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amafulumizitsa kutha kwa pampu chifukwa palafini satereretsa zitsulo za mkati.

Kamphete ka solenoidi mutha kusintha nokha: chotsani waya, masulani solenoidi, samalani kasipuling'i ndi kapisitoni ka mkati kuti zisagwe. Za chivindikiro ndi shafuti zimatheka pampu ili pa galimoto, koma lembani chizindikiro pa shafuti ndi pa mkono wake musanazule, chifukwa mukaphonya dzino limodzi lokha injini imakana kulira kapena imathamanga mopyola muyeso. Sikuluu yomwe ili ndi chidindo musaikhudze. Mphete ya kumutu ndi silu ya kutsogolo ndi ntchito ya akatswiri a mapampu omwe ali ndi makina oyesera, ndipo auzeni aike malabala onse atsopano a Viton (mtundu wa labala wopirira kutentha ndi mafuta) nthawi imodzi.

Silu ya kutsogolo isachedwetsedwe. Pa Hilux ya 2L, 3L ndi 5L pampu imazunguzidwa ndi lamba wa mano wotchedwa timing belt, ndiye dizilo amanyowetsa lamba, ndipo lamba wonyowa dizilo amafewa n'kudumpha mano kapena kuduka, mavalavu n'kugundana ndi mapisitoni. Mukaona pansi pa chivindikiro cha lamba pakudontha dizilo, sinthani silu pamodzi ndi lambayo. Pa TD27 ndi injini za Isuzu zomwe pampu yake imayendera magiya, dizilo ameneyu amatsikira mu oyilo.

Thanki ndi mapaipi a pansi

Ngati fungo limakula mukangothira fulu thanki, vuto lili pamwamba: labala wa pa geji ya mafuta, paipi yaikulu yothirira kapena kapaipi kopumira. Ngati kumadontha nthawi zonse, yang'anani pansi ndi m'misoko, makamaka kunsi kwa malamba ogwira thanki komwe matope amakhala n'kubala dzimbiri. Mapaipi achitsulo oyenda m'mbali mwa chesisi nawo amadyeka m'kati mwa timakilampu.

Thanki ya Hilux D-4D imalowa malita pafupifupi 80, ndipo yodzaza imalemera kuposa thumba la simenti, choncho ipungulireni m'zigubu zoyera musanaitsitse. Kaboo kakang'ono pa thanki yachitsulo kamatsekeka ndi phala louma ngati chitsulo, monga la Pratley, mukapala bwino ndi sandipepa ndi kuchotsa mafuta onse. Pamalo onyowa siligwira. Thanki yosatsukidwa isayandikire moto wa wowotcherera ngakhale ioneke youma, chifukwa nthunzi yotsalira mkati imaphulika. Ya dzimbiri paliponse kapena yapulasitiki yong'ambika, pezani ina.

Kudontha komwe sikuoneka

Galimoto yomwe imavuta kulira m'mawa, kapena imalira n'kuzima pakangopita masekondi ochepa, koma masana n'kumalira kamodzi, nthawi zambiri imakhala ikumwa mpweya. Usiku dizilo amabwerera ku thanki. Ikani paipi yoonekera ija pakati pa fyuluta ndi pampu, lizani injini. Mzere wa thovu losalekeza ukutanthauza kuti mpweya ukulowa. Isunthireni pakati pa paipi yochokera ku thanki ndi fyuluta: thovu likasowa, vuto lili pa fyuluta kapena mutu wake, likakhalapobe, tsatirani njira yopita ku thanki. Mukamaliza bwezerani paipi yeniyeni, chifukwa yoonekerayo imauma ndi dizilo.

Kwina ndi mu oyilo. Solani chopimira oyilo galimoto ili pamalo athyathyathya. Oyilo yemwe akukwera yekha, wapyapyala ndiponso akununkha dizilo ndi chizindikiro choopsa. Pa 1KD ndi 2KD paipi yobwezera dizilo ili mkati mwa chivindikiro cha injini, ndiye mawasha ake akachucha zonse zimathera mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini. Musayendenso nayo: oyilo wosungunuka sateteza mabering'i, ndipo akachuluka injini imatha kuyamba kumuyamwa n'kuthamanga yokha osazima ngakhale mutachotsa kiyi. Mukakonza, sinthani oyilo ndi fyuluta yake.

Kuchotsa mpweya ndi kuyesa

Mukamanga zonse, bwezerani waya wa batire ndipo popani pampu ya pamanja mpaka italimba. Ngati pamutu pa fyuluta pali kasikuluu kotulutsira mpweya, kamasuleni pang'ono, popani mpaka dizilo azituluka wopanda thovu, kenako kamangeni. Pa mapikapu omwe ali ndi pampu ya magetsi m'thanki, tsegulani kiyi osaliza, dikirani masekondi 30, zimitsani, bwerezani katatu kapena kanayi.

Injini yakale ikakanabe, masulani manati awiri a pa mainjekita theka la kuzungulira, aphimbeni ndi nsanza, lizani sitata masekondi 10 mpaka 15 ndi kuipumitsa pakati kuti isapse. Dizilo akayamba kuthovoka mangani manatiwo. Njira imeneyi ndi ya injini zakale zokha. Pa common rail musamasule paipi iliyonse injini ikuzungulira.

Ikalira, pukutani paliponse, wazaninso paudala pomwe mwakonza, isiyeni itenthe, kenako yendani makilomita 10 okhala ndi chitunda kuti mafuta akankhidwe mokwanira. Yang'ananinso mukabwera, komanso m'mawa mwake injini isanalire. Makilampu a pa mapaipi atsopano muwamangenso pang'ono pakatha sabata, chifukwa labala watsopano amaphwa akatenthedwa. Dizilo wa m'beseni, ngati ndi woyera, musefeni ndi nsalu musanamubwezere m'thanki. Wakuda musungeni m'chigubu chotseka kuti muzitsukira zitsulo, osamutaya m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.